Pulogalamu Yodzikonza Yokha Ndi Ngongole kwa Mwini Kompyuta

Pafupifupi pulogalamu iliyonse imene munthu amaika pa kompyuta masiku ano imabwera ndi kapulogalamu kena mkati mwake, kamene mwini kompyuta sakaona ndipo sanakapemphe, komwe ntchito yake ndi kufunsa kwa wopanga ngati kwatuluka mtundu watsopano, kuukoka pa intaneti, n'kuulowetsa m'malo mwa wakale. Mtundu watsopanowo ndi umene anthu a m'maofesi amautchula kuti update, ndipo chizolowezi choti zonsezi zizichitika popanda munthu kudina paliponse chafala kwambiri moti ambiri amangozindikira kutacha kuti mabatani asuntha kapena kuti bandulo yatha. Ndemanga ino ikuima pa mfundo yakuti njira yodzikonzera yokhayi ndi yofunika ndipo siyenera kutayidwa, komanso kuti ndi mphamvu yaikulu kuposa ina iliyonse imene wopanga pulogalamu ali nayo pa katundu wa anthu ena. Chodandaulitsa n'chakuti opanga ambiri, makamaka amene amalemba pulogalamu imodzi yoti igwire ntchito pa Windows, macOS ndi Linux, amaitenga mphamvuyi mwachibwana, n'kumaiganizira kumapeto kwenikweni ntchito imene iwo amaiona ngati yeniyeni itatha kale.

Amene amati munthu azisankha yekha tsiku loika update ali ndi cholinga chabwino, koma zimene zinachitika m'mbuyomu sizikuwaikira kumbuyo. Pa 14 Malichi 2017 kampani ya Microsoft inatulutsa update yotseka mpata wina mu Windows, kutanthauza cholakwika cha m'kalembedwe ka pulogalamu chimene achiwembu angadzerepo kulowa m'kompyuta ya munthu. Pa 12 Meyi chaka chomwecho vayirasi ya WannaCry, imene inkamanga mafayilo a anthu n'kumafuna dipo kuti iwamasule, inadzera pa mpata womwewo n'kufika m'mayiko oposa 150, ndipo ku England kokha zipatala za boma zinalephera kuona odwala pa maulendo pafupifupi 19,000 amene anali atakonzedwa kale. Chotsekera mpatawo chinali chitakhala poyera kwa miyezi iwiri. Chimene chinasowa ndi munthu wochiika. Munthu wotanganidwa ndi ntchito akaona uthenga womufunsa ngati akufuna kuika update tsopano kapena nthawi ina, amasankha nthawi ina, ndipo mawa lake amasankhanso chimodzimodzi, osati chifukwa cha ulesi koma chifukwa chakuti ntchito ili m'manja imaoneka pomwe ngozi yake siioneka.

Vutoli limakula pa mapulogalamu oyenda pa makina osiyanasiyana, chifukwa cha mmene ambiri mwa iwo amapangidwira. Chida chotchuka pa ntchitoyi ndi Electron, chimene kampani ya GitHub inayambitsa mu 2013, ndipo ndi chimene chili pansi pa mapulogalamu ngati Visual Studio Code, Slack, Discord ndi Signal ya pa kompyuta. Electron imathandiza wopanga kulemba kamodzi chifukwa imanyamula Chromium yathunthu, yomwe ndi injini ya Google Chrome, mkati mwa pulogalamu iliyonse. Zotsatira zake n'zakuti kompyuta imene ili ndi mapulogalamu asanu otere ili ndi ma Chromium asanu, ndipo mpata ukapezeka mu Chromium umakhala pa kompyutayo kasanu. Izi zinaonekera mu Seputembala 2023 pamene cholakwika chinapezeka mu libwebp, kachigawo kowerenga zithunzi za mtundu wa WebP, achiwembu atayamba kale kuchigwiritsa ntchito. Chrome inadzikonza yokha m'masiku ochepa, koma kukonzedwa kwa Chrome sikunakhudze ma Chromium obisika m'mapulogalamu enawo, ndipo wopanga aliyense anayenera kutulutsa update yake payekha. Wopanga amene wasankha kunyamula injini yotere koma osakonza njira yodalirika yoisinthira wasiya ngozi m'makompyuta a anthu amene sadziwa n'komwe kuti ali nayo.

Choncho funso silakuti njirayi ikhalepo kapena ayi, koma kuti imangidwe motani ndipo iziloledwa kuchita chiyani.

Pamwamba ntchitoyi imaoneka yophweka. Pulogalamu imafunsa seva ya wopanga, yomwe ndi kompyuta yosunga mafayilo pa intaneti, ndipo seva imayankha ndi kafayilo kakang'ono konena nambala ya mtundu waposachedwa, malo okautenga, ndi chizindikiro chotsimikizira kuti fayilo yafika yathunthu. Pulogalamu ikaona kuti nambalayo ndi yaikulu kuposa yake imakoka fayilo, kuiyesa, n'kudikira mpata woti idzilowe m'malo. Pa sitepe yomalizayi ndi pamene lonjezo lakuti pulogalamu ilembedwe kamodzi n'kuyenda paliponse limathera, chifukwa makina atatuwa ali ndi malamulo osagwirizana. Windows silola kuti fayilo ya pulogalamu imene ikugwira ntchito ilembedwe pamwamba, n'chifukwa chake chida cha Squirrel, chimene Electron imadalira, chimaika mtundu watsopano m'foda yakeyake pambali pa wakale, foda iliyonse ili ndi nambala ya mtundu wake, ndipo kafayilo kotchedwa Update.exe ndi kamene kamasankha foda yoti itsegulidwe munthu akadzayatsanso pulogalamuyo. Pa macOS pulogalamu yonse ndi mtolo umodzi umene umasinthidwa wathunthu, koma Apple imafuna kuti mtolowo ukhale wosainidwa ndi wopanga wolembetsedwa, yemwe amalipira madola 99 pa chaka, ndipo kuyambira pa macOS Catalina ya mu 2019 imafunanso kuti utumizidwe kaye kwa iyo kuti uunikidwe. Pa Linux, Electron ilibe njira yakeyake yosinthira pulogalamu, ndipo malangizo ake amauza wopanga kuti asiyire ntchitoyo zida zoikira mapulogalamu za Linux yomweyo, monga apt ndi dnf. Wopanga amene anathawira ku Electron kuti asalembe katatu amapezeka kuti pa gawo loopsa kwambiri la pulogalamu yake akuyenera kulemba katatu ndithu, ndipo apa ndi pamene ambiri amadula njira.

Kudula njira koyamba kumakhudza chilolezo. Pa Windows foda ya Program Files imalembedwa ndi woyang'anira kompyuta yekha, kotero update iliyonse imayenera kutulutsa uthenga wopempha chilolezo, chomwe ndi chinthu chimene opanga amafuna kupewa. Ena amathawa vutoli poika pulogalamu m'foda ya AppData ya wogwiritsa ntchitoyo, mmene simufunika chilolezo, koma mmenenso vayirasi iliyonse yoyenda m'dzina la munthuyo ingathe kusintha mafayilo. Ena amasiya kapulogalamu kothandizira kokhala ndi mphamvu zonse za woyang'anira, kamene kamagwira ntchito mobisika, monga momwe Mozilla inachitira pa Firefox kuyambira mu 2012. Njira yachiwiriyi ndi yabwino ngati kothandizirako kalembedwa mosamala kwambiri, ndipo ndi tsoka ngati sikanatero. Mu Ogasiti 2022, pa msonkhano wa DEF CON ku Las Vegas, katswiri wa chitetezo cha makompyuta Patrick Wardle anasonyeza kuti chosinthira cha Zoom pa macOS, chimene chinali ndi mphamvu zonse pa kompyuta, chinkayesa siginecha mofooka moti fayilo yopatsidwa dzina lofanana ndi la chiphaso cha Zoom inkatha kudutsa. Pulogalamu yochitira misonkhano, imene ntchito yake sifuna ulamuliro pa kompyuta yonse, inakhala njira yoperekera ulamulirowo kwa wachiwembu, chifukwa cha gawo lomwe linaikidwa kuti liziteteza anthu.

Munthu amene walola pulogalamu kudzisintha yokha ali ngati mwini nyumba amene wasiyira mmisiri kiyi kuti azilowa usiku uliwonse kudzakonza zowonongeka, ndipo aliyense amene wagwira kiyiyo, kaya ndi mmisiri mwiniwake, wantchito wake kapena mbala, amalowa popanda kugogoda. Chinthu choyamba chimene wopanga ayenera kuchita ndi kuonetsetsa kuti pulogalamu ikukana fayilo iliyonse imene ilibe siginecha yake. Siginecha ya pa kompyuta ndi chizindikiro cha masamu chimene chimapangidwa ndi kiyi wachinsinsi yemwe wopanga yekha ali naye, ndipo chimayesedwa ndi kiyi wina wapoyera amene anaikidwa kale mkati mwa pulogalamu, kotero kuti ngakhale kadontho kamodzi kakasinthidwa m'fayilo, siginechayo imakanidwa. Kumayambiriro kwa 2016 kunadziwika kuti mapulogalamu ambiri a pa macOS ogwiritsa ntchito Sparkle, chida chosinthira mapulogalamu chimene Andy Matuschak anayambitsa mu 2006, ankafunsa seva kudzera pa HTTP, njira yosabisa uthenga, moti munthu wokhala pa Wi-Fi imodzi ndi mwini kompyuta akanatha kulowetsa zake pakati. Opanga Tauri, chida chatsopano chopikisana ndi Electron, anasankha bwino pamene analamula kuti update iliyonse ikhale ndi siginecha ndipo sanasiye batani lozimitsira lamuloli. Umu ndi mmene chida chilichonse chotere chiyenera kukhalira, chifukwa chitetezo chimene wopanga angathe kuchizimitsa tsiku limene wafulumira chidzazimitsidwa ndithu.

Komabe kungoima pa siginecha ndi kudzinamiza, ndipo umboni wake ndi wochuluka. Pa 27 Juni 2017 vayirasi ya NotPetya inalowa m'makompyuta a ku Ukraine kudzera pa update ya M.E.Doc, pulogalamu yowerengera misonkho imene makampani ambiri a m'dzikomo ankagwiritsa ntchito, n'kufalikira kunja mpaka kuimitsa kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk, yomwe inataya ndalama zofika madola 300 miliyoni. Chaka chomwecho anthu pafupifupi 2.27 miliyoni anaika CCleaner yomwe inali itathiridwa zoipa, ili ndi siginecha yeniyeni ya opanga ake. Mu 2020 makasitomala pafupifupi 18,000 a SolarWinds analandira update ya Orion yokhala ndi khomo lachinsinsi, nayonso yosainidwa bwinobwino, ndipo mu Malichi 2023 zomwezo zinachitikira pulogalamu ya matelefoni ya 3CX, yomwe inamangidwa pa Electron. Pa CCleaner, SolarWinds ndi 3CX achiwembu sanavutike n'kupeka siginecha. Analowa m'makina amene kampani imasonkhanitsira pulogalamu yake, n'kusiya kampaniyo kuti isaine yokha zoipazo. Siginecha imangonena kumene fayilo yachokera, sinena ngati fayiloyo ili yabwino. Wopanga amene amasunga kiyi wachinsinsi pa laputopu yomwe amawerengera makalata, kapena amene amalola makina osonkhanitsira pulogalamu kusaina chilichonse chofika popanda munthu wachiwiri kuona, wasandutsa anthu onse omukhulupirira kukhala chandamale chimodzi.

Nzeru zothanirana ndi zimenezi zilipo kale ndipo n'zaulere. Dongosolo lotchedwa The Update Framework, limene Justin Cappos ndi anzake anakonza potengera ntchito ya gulu la Tor, limayamba ndi ganizo lakuti tsiku lina kiyi adzabedwa, ndipo limafunsa kuti chiwonongeko chidzachepetsedwa bwanji tsikulo. Limagawa udindo pa makiyi angapo, limalola kuti update ivomerezedwe pokhapokha anthu angapo atasaina, limasunga kiyi wamkulu kutali ndi intaneti, ndipo limaika tsiku lothera pa kafayilo konena za mtundu waposachedwa. Tsiku lotheralo limatseka chinyengo chimene ambiri sachiganizira, chomwe wachiwembu amangopitiriza kuuza pulogalamu kuti palibe chatsopano kuti ikhalebe ndi mpata wakale. Dongosololi limakananso kubwezera pulogalamu ku mtundu wakale wodziwika kuti ndi wofooka, ngakhale mtunduwo uli ndi siginecha yolondola. Kuyambira pa 1 Juni 2023 makampani opereka ziphaso zosainira mapulogalamu amafuna kuti kiyi wachinsinsi azisungidwa m'kachipangizo kapadera komwe sangakopedwemo, ndipo ngakhale opanga ang'onoang'ono anadandaula ndi mtengo wake, lamulolo linachedwa kubwera.

Ngozi ina siifuna wachiwembu n'komwe. Pa 19 Julayi 2024 kampani ya CrowdStrike inatumiza kafayilo kolakwika ku pulogalamu yake yoteteza makompyuta, ndipo ngakhale inakabweza pasanathe ola limodzi ndi theka, makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi chiwerengero cha Microsoft, anali atagwa kale n'kumangoonetsa sikirini ya buluu. Ndege zinaima, mabanki ndi zipatala zinasokonekera, ndipo popeza makompyutawo sankatha kuyaka mpaka kufika polandira chokonzera, ambiri anafunika munthu wopita pa iliyonse payokha kukafufuta fayiloyo ndi manja. N'zoona kuti pulogalamu ya CrowdStrike imagwira ntchito mkatikati mwa Windows, kumene pulogalamu wamba siifika, koma cholakwa chachikulu sichinali cha kuya kwake. Chinali chakuti fayiloyo inapita kwa onse nthawi imodzi. Njira yopewera izi ndi yodziwika: update imapita kaye kwa anthu ochepa, mwina mmodzi pa anthu 100 alionse, wopanga n'kudikira kuti aone ngati mapulogalamu akugwa, kenako n'kuwonjezera chiwerengero pang'onopang'ono. Zida monga Sparkle ndi electron-updater zili nayo kale njirayi, ndipo kuiyatsa ndi nkhani ya mzere umodzi m'kafayilo ka pa seva. Chofunikanso ndi chakuti mtundu wakale usafufutidwe mpaka watsopano utayaka bwino kamodzi, kuti pulogalamu yolephera kudzuka ibwerere yokha pamene inali. Wopanga amene sachita ziwirizi akuyesera ntchito yake pa anthu onse nthawi imodzi popanda kuwauza.

Pali mbali ina imene sikambidwa kwenikweni kumene mapulogalamuwa amalembedwa, koma imene wowerenga wa ku Lilongwe, Chipata kapena Tete amaidziwa bwino. Wopanga wokhala ku San Francisco kapena Berlin amalipira intaneti pa mwezi popanda kuwerenga ma MB, ndipo magetsi a m'nyumba mwake sazima. Kuno anthu ambiri amalumikiza laputopu ku intaneti kudzera pa hotspot ya foni, ndi bandulo yogulidwa ndi cholinga chimodzi. Kalaliki wa pa sukulu amene wagula bandulo kuti atumize mafomu amayatsa hotspot, ndipo asanatsegule n'komwe imelo, mapulogalamu atatu kapena anayi amene anali kudikira intaneti amayamba kukoka mitundu yawo yatsopano mwakachetechete, iliyonse ma MB makumi angapo kapena kupitirira 100. Uthenga wonena kuti bandulo yatha umafika mafomu asanapite, ndipo palibe chimene chaoneka pa sikirini chomuuza kumene data yalowera. Chimene munthu wotere amaphunzira ndi kufunafuna mnyamata wodziwa makompyuta kuti amuzimitsire ma update onse, a Windows ndi ena omwe, ndipo kuyambira tsikulo kompyutayo imakhala yotseguka ku mpata uliwonse umene udzapezeke. Kusalabadira mtengo wa data si nkhani ya ulemu chabe, chifukwa kumabala makompyuta osatetezedwa.

Chowawa n'chakuti vutoli linathetsedwa kalekale. Mu 2003 Colin Percival analemba bsdiff, chida chofananiza mtundu wakale ndi watsopano n'kutumiza kusiyana kwake kokha, ndipo mu 2009 Google inalengeza Courgette, imene imamvetsa kapangidwe ka mkati mwa pulogalamu n'kuchepetsanso kusiyanako. Pa chitsanzo chimene Google inapereka, update ya Chrome imene yathunthu inali mabayiti 10,385,920 inatsika kufika pa 704,512 ndi bsdiff, ndipo ndi Courgette inafika pa 78,848, kutanthauza kuti inachepa koposa ka 100. Makina onse atatu alinso ndi njira yodziwitsira pulogalamu kuti intaneti imene ilipo ndi yowerengeredwa: Windows imalola munthu kuika chizindikiro chotero pa Wi-Fi iliyonse, macOS ili ndi Low Data Mode, ndipo pa Linux chida cha NetworkManager chimasunga chizindikiro chomwecho. Pulogalamu yolembedwa mwaulemu imafunsa funsoli isanakoke kanthu, ndipo yankho likakhala lakuti data ndi yogula pang'onopang'ono, imauza munthu kukula kwa update n'kumusiya asankhe, pokhapokha ngati ili yaing'ono ndi yotseka mpata woopsa. Iyeneranso kudziwa kupitiriza pamene inalekera intaneti ikaduka, m'malo moyambiranso pa chiyambi n'kudya data kawiri. Za magetsi nazo n'chimodzimodzi: kompyuta ya pa desiki yopanda batire ingazime pakati pa kusintha mafayilo, ndipo chosinthira chabwino chimamaliza kulemba zonse pambali, kenako n'kutembenukira ku mtundu watsopano pa sitepe imodzi yosagawika, kotero kuti magetsi akabwera munthu apeze wakale wathunthu kapena watsopano wathunthu, osati theka la uku ndi theka la uko.

Zonsezi ndi za luso, ndipo wopanga wakhama angazikwanitse. Chovuta kwambiri ndi cha khalidwe, chifukwa njira imene munthu anaitsegula kuti atetezedwe makampani aisandutsa msewu wodutsitsira zofuna zawo. Kudzera pa update yomweyo amasintha maonekedwe a pulogalamu, amachotsa zinthu zimene anthu ankadalira, amalowetsa zotsatsa malonda, amawonjezera zida zosonkhanitsa zambiri za wogwiritsa ntchito, ndipo nthawi zina amakweza zofunika za pulogalamu mpaka kompyuta yakale siithanso kuiyendetsa. Chitsanzo chimene chinawononga chikhulupiriro cha anthu ambiri ndi cha Windows 10. Mu 2015 ndi 2016 Microsoft inagwiritsa ntchito njira ya ma update kukankhira anthu a Windows 7 ndi 8.1 ku Windows 10, inakoka mafayilo a ma GB angapo pa makompyuta a anthu ena amene sanapemphe, ndipo mu Meyi 2016 inafika poti kudina kachizindikiro ka X kotsekera uthenga sikunkaletsanso kusinthako. Mayi wina wabizinesi ku California anaisumira kampaniyo ndipo anapatsidwa madola 10,000. Anthu ambiri amene anaona zimenezi anazimitsa ma update a Windows, chaka chimodzi chokha WannaCry isanafike. Kampani iliyonse imene imabisa zamalonda mkati mwa update ya chitetezo ikudya chikhulupiriro chimene si chake chokha, chifukwa munthu wopusitsidwa kamodzi amakayikira opanga onse.

Ngakhale m'dziko la Linux, momwe ufulu wa mwini kompyuta umalemekezedwa kwambiri, mkanganowu unafika. Dongosolo la Snap la kampani ya Canonical limafufuza zatsopano kanayi pa tsiku, ndipo kwa zaka zingapo silinkalola munthu kuimitsa kusinthaku mpaka kalekale, kufikira kumapeto kwa 2022 pamene njira yotero inawonjezedwa anthu atadandaula nthawi yaitali. Pa Linux wopanga wanzeru amachita bwino kudzichepetsa n'kusiya apt, dnf kapena Flatpak kuti zigwire ntchito yake, m'malo mobweretsa chosinthira chakechake cholimbana ndi cha makinawo.

Chimene chikufunika, tsono, ndi kulekanitsa mitundu iwiri ya update. Yotseka mipata iziikidwa yokha, mwamsanga, ili yaing'ono, ndipo isasinthe kalikonse kamene munthu amaona. Yobweretsa zatsopano izidikira chilolezo, itafotokoza m'mawu omveka chimene isinthe. Opanga amayankha kuti kusamalira mitundu iwiri ya pulogalamu imodzi ndi ntchito yodula, ndipo kwa munthu mmodzi wolemba pulogalamu yaulere madzulo akaweruka kuntchito yankholi lili ndi mphamvu, moti iye angakhululukidwe ngati wangokwanitsa siginecha, kutumiza pang'onopang'ono ndi kufunsa za data. Koma kwa kampani yolandira ndalama za makasitomala yankholi ndi lopanda pake, chifukwa ena akuchita kale. Mozilla yakhala ikutulutsa Firefox ESR kuyambira mu 2012, mtundu umene umalandira zotseka mipata popanda kusintha maonekedwe kwa pafupifupi chaka, ndipo Ubuntu ili ndi mitundu imene imasamalidwa zaka zisanu. Makampani ambiri amapereka mwayi wotere kwa mabungwe akuluakulu olipira bwino n'kumumana munthu wamba, zomwe zikusonyeza kuti cholepheretsa si luso.

Bungwe la European Union lalowererapo ndi lamulo la Cyber Resilience Act, limene linayamba kugwira ntchito pa 10 Disembala 2024 ndipo zofuna zake zikuluzikulu zidzakakamizidwa kuyambira pa 11 Disembala 2027. Lamuloli likufuna kuti ma update a chitetezo aziperekedwa kwaulere, kuti pamene n'koyenera aziikidwa okha kuyambira pachiyambi koma munthu ali ndi njira yosavuta yokanira kapena kuchedwetsa, kuti pamene luso likulola alekanitsidwe ndi obweretsa zatsopano, ndiponso kuti wopanga asamalire katundu wake kwa zaka zosachepera zisanu pokhapokha ngati katunduyo sayembekezeka kugwira ntchito nthawi yotalika chotero. Popeza makampani sakonda kupanga mtundu wa ku Ulaya ndi wina wa kwina, anthu a kumwera kwa Africa adzapindula nawo ndi lamulo limene sanalembe. Koma lamulolo linalembedwera anthu a intaneti yotsika mtengo ndi magetsi osazima, ndipo nkhani ya bandulo ndi ya kuthima kwa magetsi palibe wa ku European Union amene adzaiyankhulire.

Oyenera kuiyankhulira ndi amene amagula mapulogalamu m'malo mwa anthu ambiri kuno: maunduna a boma, mabanki, masukulu aukachenjede, zipatala ndi mabungwe othandiza anthu. Pogula pulogalamu yowerengera ndalama, yolembera odwala kapena yosungira mayina a ophunzira, amafunsa za mtengo ndi za maphunziro a ogwira ntchito, koma mgwirizano uyeneranso kunena amene akusunga kiyi wosainira ndi kumene akumusunga, kukula kwa update ya mwezi ndi mwezi, ngati ofesi ingathe kukoka update kamodzi n'kugawira makompyuta ake onse popanda iliyonse kupita pa intaneti payokha, ndiponso chimene chidzachitike update ikagwetsa makina tsiku lolipira malipiro. Mafunso omwewa akuyenera kulunjikanso kwa achinyamata a ku Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka amene ayamba kulemba mapulogalamu a mashopu, ma SACCO ndi masukulu pogwiritsa ntchito Electron kapena Tauri. M.E.Doc inali pulogalamu ya kampani ya m'dziko momwemo, yosadziwika kunja kwa Ukraine, ndipo achiwembu anaisankha chifukwa chakuti inali m'maofesi ambiri a dziko limodzi pomwe seva yake yotumizira ma update inali yosasamalidwa. Pulogalamu ya misonkho kapena ya malipiro imene ingafale m'maofesi a ku Malawi idzakhala pa malo omwewo, ndipo wolemba wake ayenera kukonza za kiyi, za seva ndi za njira yobwerera m'mbuyo asanagulitse kope loyamba.